Kodi nkhosa zooneka zathanzi zingadwalitse mwana kamwazi?

Funso

Ndimakhala kufupi ndi Lizulu m'boma la Ntcheu, ndipo ndimaweta nkhosa 14 pamodzi ndi mbuzi zochepa. Ndowe zake ndimathira kudimba kumene ndimalima kabichi, mpiru ndi tomato wogulitsa. Mvula yoyamba itagwa, mdzukulu wanga wa zaka zitatu anatsegula m'mimba mwa magazi mpaka kugonekedwa m'chipatala. Wachibale wina akuti matendawa anachokera ku nkhosa chifukwa mwanayo amakonda kusewera pafupi ndi khola. Komatu nkhosa zanga n'zonenepa, sizitsegula m'mimba, ndipo ndimazimwetsa mankhwala a njoka nthawi ndi nthawi. Kodi zimenezi n'zoona? Ndizigulitse, kapena pali mankhwala oti ndizibaye?

Yankho

Bambo, pepani kwambiri ndi kudwala kwa mdzukulu wanu. Munachita bwino kuthamangira naye kuchipatala, chifukwa magazi m'chimbudzi cha mwana wamng'ono si chinthu chodikira kuti chisiye chokha. Wachibale wanuyo sanalankhule zopanda mutu: nkhosa yonenepa, yodya bwino ndiponso yosadwala ikhoza kusunga m'matumbo mwake mabakiteriya amene kwa iyo alibe vuto, koma akalowa m'kamwa mwa munthu amamudwalitsa kwambiri. Ngakhale zili choncho, sindikukulangizani kugulitsa nkhosazo kapena kuzibaya mankhwala, ndipo ndifotokoza chifukwa chake.

Choyamba tisafulumire kuweruza nkhosa pa matenda a mwana ameneyu. Kamwazi ali ndi magwero angapo, ndipo kuno kwathu nthawi zambiri amayamba ndi bakiteriya wotchedwa Shigella, amene sakhala mu ziweto koma amachoka m'chimbudzi cha munthu wodwala n'kufika kwa munthu wina kudzera m'manja, m'madzi, m'chakudya kapena ntchentche. Chimene chimasiyanitsa magwero amenewa ndi kuyeza chimbudzi cha wodwala ku labotale, osati maonekedwe a chimbudzicho. Chotero chimbudzi cha pakhomo panu, chitsime chimene mumatunga ndi khola la nkhosa, zonsezi ziyenera kuunikidwa pamodzi. Koma poti mwafunsa za nkhosa, tiyeni tikhazikike pamenepo.

Bakiteriya amene amatidetsa nkhawa kwambiri pa ziweto zobzikula, monga ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi, ndi wa m'gulu la E. coli. Mitundu yambiri ya E. coli imakhala m'matumbo mwa munthu aliyense ndi nyama iliyonse popanda kuvulaza, koma pali mitundu ina imene imatulutsa poizoni wotchedwa Shiga, ndipo wodziwika kwambiri mwa iyo ndi E. coli O157:H7. Mtundu umenewu unadziwika koyamba monga choyambitsa matenda mu 1982 ku United States, anthu a m'zigawo za Oregon ndi Michigan atadwala chifukwa chodya nyama ya ng'ombe yogayidwa imene sinapse bwino. Kuyambira nthawi imeneyo zadziwika kuti malo ake okhala enieni ndi matumbo a ziweto zobzikula, makamaka kumapeto kwenikweni kwa thumbo, kumene ndowe zimatulukira. Chiweto chachikulu sichivulazidwa ndi poizoniyo monga momwe amavulazira munthu, n'chifukwa chake chimapitiriza kudya, kunenepa ndi kuswana pamene ndowe zake zili ndi tizilombo. Ngakhale mlangizi wa ziweto atabwera n'kuyang'ana nkhosa zanu imodzi ndi imodzi, sangaloze ndi maso kuti iyi ili nato ndipo iyo ilibe. Komanso nkhosa situlutsa tizilomboti tsiku ndi tsiku: imatha kutulutsa kwa masabata angapo, kusiya, kenako n'kuyambiranso ikatenga kwa inzake pamsipu kapena pomwera madzi. M'khola limodzi mumapezeka kuti ziweto zochepa chabe ndizo zimatulutsa tizilombo tochuluka kuposa zinzake zonse, ndipo ziweto zazing'ono zimene zangoleka kuyamwa zimatulutsa kawirikawiri kuposa zikuluzikulu.

Chimene chimachititsa bakiteriyayu kukhala woopsa n'chakuti safuna kuchuluka kuti adwalitse. Tizilombo tosakwana 100 tikhoza kukwanira, pamene kambulu kamodzi ka ndowe za chiweto chimene chikutulutsa kwambiri kangakhale ndi tizilombo masauzande ambirimbiri. Mwana wa zaka zitatu safunika kudya ndowe kuti adwale. Akakhala pansi pafupi ndi khola, n'kugwira dothi, kenako n'kutola mbatata yootcha kapena kuyamwa chala, njira yatha kale.

Matendawa amaonekera patapita masiku atatu kapena anayi kuchokera pamene tizilombo talowa, ngakhale nthawi zina amachedwa mpaka masiku 8. Amayamba ndi kupotokola koopsa kwa m'mimba ndi kutsegula kwa madzimadzi, kenako magazi amayamba kuoneka, ndipo kawirikawiri thupi silitentha kwenikweni. Ambiri amachira pasanathe masiku 10. Koma pali chinthu chimene ndikufuna kuti inu ndi amayi a mwanayo muchidziwe bwino, chifukwa n'chimene chimapha. Malinga ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, odwala ofika 10 pa 100 alionse akhoza kugwidwa ndi vuto limene madokotala amalitcha HUS, pamene poizoni uja walowa m'magazi n'kuyamba kuphwanya maselo ofiira ndi kuwononga impso. Ana osakwana zaka zisanu ndi okalamba ndiwo amagwidwa kwambiri. Choipa chake n'chakuti vutoli limadza patapita pafupifupi sabata imodzi, nthawi imene kutsegula m'mimba kwayamba kuchepa ndipo apabanja ayamba kupuma poganiza kuti mwana wachira. Zizindikiro zake ndi kukodza pang'ono kapena kusakodza n'komwe, kuyera kwa zikhatho ndi m'kati mwa zikope, kutupa kwa nkhope ndi mapazi, kufooka ndi kugona kosalekeza. Popeza kuchepa kwa magazi ndi kufooka timakudziwa monga zizindikiro za malungo, n'kosavuta kusokoneza ziwirizi, choncho mukabwerera kuchipatala muwauze adokotala momveka bwino kuti mwanayu anali ndi kamwazi masiku apitawo ndiponso kuti mkodzo wachepa. Impso zikaleka kugwira ntchito pamafunika makina osefa magazi, amene m'zipatala za boma amapezeka ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo kuchokera ku Lizulu umenewo si ulendo woti muuyambe mochedwa.

Pa chifukwa chomwechi, mwana wa kamwazi musamugulire mankhwala pagolosale. Ma antibayotiki amathandiza pa kamwazi wa Shigella, koma pa E. coli wa poizoniyu sathandiza ndipo ena mwa iwo akhoza kuwonjezera chiopsezo cha kuwonongeka kwa impso. Mankhwala oletsa kutsegula m'mimba, monga loperamide, amachedwetsa matumbo kutulutsa poizoni ndipo sayenera kupatsidwa kwa mwana wamng'ono. Kusankha mankhwala n'kwa adokotala. Ntchito ya pakhomo ndi kumwetsa Thanzi ORS pafupipafupi, kupereka zinki monga mwalangizidwira, kupitiriza kuyamwitsa ngati mwana akuyamwa, ndi kuyang'anira mkodzo wake.

Mwatchula kuti mwanayo anadwala mvula yoyamba itagwa, ndipo mfundo imeneyi ndi yofunika kuposa momwe ikuonekera. M'mwezi wa May mu 2000, ku New Deer m'dziko la Scotland, ana a gulu la Scout anamanga misasa pabwalo limene nkhosa zinkadyapo msipu masiku ochepa m'mbuyomo. Kunagwa mvula yambiri, bwalo linasanduka matope, ndipo anthu 20 anadwala E. coli O157. Chakudya ndi madzi akumwa sizinapezeke ndi vuto. Tizilombo tinapezeka mu ndowe za nkhosazo ndi m'dothi, ndipo tinapitirira kupezeka pabwalopo kwa masabata pafupifupi 15 nkhosa zitachotsedwa kale. Kuno kummwera kwa Africa, mu 1992 dziko la Swaziland, limene tsopano limatchedwa Eswatini, linagwidwa ndi mliri waukulu wa kamwazi wa E. coli O157 pambuyo pa chilala chimene chinaunjika ng'ombe pamalo ochepa omwera madzi, ndipo anthu masauzande ambiri anadwala mvula itayamba kukokolola ndowe ndi mitembo ya ziweto kupita m'mitsinje.

Mukaganizira mmene timawetera kuno, muona kuti zofananazo zimachitika chaka chilichonse, kungoti pamlingo wochepa. M'chilimwe, mbewu zikakololedwa, ziweto zimatayiriridwa ndipo zonse zimathamangira kudambo kumene kwatsala msipu wobiriwira ndi madzi, komwenso kuli madimba athu ndi zitsime zosaya zimene amayi amatungamo mjigo ukawonongeka. Kwa miyezi ingapo ndowe zimaunjikana m'mbali mwa zitsimezo ndi pabwalo la pakhomo. Mvula ya mu November kapena December ikagwa, madzi oyamba othamanga amatsuka zonsezo n'kuzitsitsira kumunsi, ndipo m'dera la mapiri ngati lanu, kuchokera ku Bembeke mpaka ku Tsangano, madzi satenga nthawi kuti achoke pakhola kufika pachitsime. Nyengo yozizira ndi yachinyezi ya kumtunda kuno imathandizanso tizilombo kukhala moyo nthawi yaitali m'dothi kusiyana ndi kuchigwa cha Bwanje kumene dzuwa limawamba nthaka.

Pali tizilombo tina timene nkhosa zimasunganso. Campylobacter amatsegulitsa m'mimba, nthawi zina mwa magazi, patapita masiku awiri mpaka asanu, koma pakhomo la kumudzi gwero lake lalikulu ndi nkhuku zimene zimayenda paliponse mpaka pathandala la mbale. Salmonella amapezeka m'ziweto zamitundu yonse, ndipo kwa mwana woperewera zakudya m'thupi, wodwala malungo kapena munthu amene chitetezo chake chatsika, akhoza kuchoka m'matumbo n'kulowa m'magazi. Cryptosporidium si bakiteriya, koma amachuluka mu ana a nkhosa, a mbuzi ndi a ng'ombe otsegula m'mimba, ndipo klorini wa mlingo wa masiku onse samupha, chimene chimamupha ndi kuwiritsa madzi. Kolera, amene anavutitsa dziko lino mu 2022 ndi 2023, sachokera ku nkhosa.

Tsopano pa nkhani ya mankhwala. Mankhwala a njoka amene mumamwetsa, monga albendazole, amapha njoka za m'mimba basi, ndipo pitirizani kumwetsa chifukwa amathandiza ziweto, koma mabakiteriya sawakhudza. Jekeseni wa oxytetracycline, amene alimi ambiri amamukhulupirira pa matenda alionse, sangatsuke matumbo a nkhosa kuti akhale opanda tizilomboti. Ngakhale atachepetsa kwa masiku angapo, nkhosayo idzatenganso pamsipu womwewo sabata yotsatira, ndipo chimene mudzapindule ndi kuphunzitsa mabakiteriya kupirira mankhwala amene tsiku lina adzafunike kuchiza munthu. Zimenezi zimandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa mankhwala obaya ziweto zosadwala ndi ndalama zotayika lero komanso vuto la m'chipatala mawa. Kugulitsa nkhosa nakonso sikuchotsa chiopsezo, popeza mbuzi zanu, ng'ombe za anansi ndi nkhuku za pabwalo zimasunga tizilombo tofanana, ndipo mudzakhala mutataya chuma chimene chimalipira fizi ndi kugula feteleza popanda kuteteza mwanayo. Chimene chili m'manja mwanu ndi kutseka njira zimene ndowe zimadutsa kuti zifike m'kamwa, ndipo njirazo n'zodziwika.

Yambani ndi khola. Likhale kumunsi kwa nyumba ndi kwa chitsime, osati kumtunda, ndipo pakati pa khola ndi chitsime pakhale mtunda wosachepera mamita 30. Khola la m'mwamba, lokhala ndi mipata pansi pake kuti ndowe zizigwa, limathandiza pawiri: nkhosa sizigona pa ndowe ndipo ubweya wake umakhala woyera, komanso ndowe zimasonkhana pamalo amodzi pamene mungathe kutchinga ndi mpanda kuti ana ndi nkhuku asalowe. Kumbani ngalande kumtunda kwa khola kuti madzi a mvula azilambalala. Njira imene nkhosa zimadutsa m'mawa ndi madzulo isadutse pabwalo pamene ana amasewera ndi pamene mumayanika ufa kapena mphale, ndipo ngati palibe njira ina, pasesedwe ziweto zikangodutsa. Mwana wokwawa akhale pamphasa yoyera. Ndikudziwa kuti m'miyezi ya June ndi July, chisanu chikafika, ena amalowetsa ana a nkhosa ofooka m'khitchini kuti afunde, koma mpofunika kuwakonzera malo ena otchingidwa bwino, chifukwa ana a nkhosa ndi amene amatulutsa tizilombo kwambiri ndipo ndi amene ana athu amakonda kuwanyamula.

Mpondagiya wokhala ndi sopo aikidwe panjira yochokera kukhola, osati pachimbudzi pokha. Anyamata amene amaweta asambe m'manja asanadye, ndipo nsapato zolowa nazo m'khola zisalowe m'nyumba. Madzi akumwa, ngati si a pamjigo wosamalidwa bwino, awiritsidwe kapena athiridwe klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa kapena WaterGuard, makamaka m'masabata oyamba a mvula, ndipo asungidwe mu ndowa yovundikira yokhala ndi kapu yake yotungira. Ziweto zikhale ndi pomwera pake, kumunsi kwa pamene anthu amatunga.

Nkhani ya manyowa ndiyo ikukhudza anthu ambiri kuposa a pakhomo panu, chifukwa ndiwo zanu zimagulidwa ndi apaulendo a pamsewu wa M1 n'kukadyedwa ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kwina. Ndowe za nkhosa ndi manyowa abwino ndipo musasiye kuzigwiritsa ntchito, koma zisapite kudimba zili zaziwisi. Ziunjikeni mulu pamodzi ndi mapesi, udzu ndi masamba, muzinyowetse pang'ono, ndipo muzitembenuza kuti za m'mbali zilowe pakati, pakuti chimene chimapha tizilombo ndi kutentha kwa m'kati mwa mulu, kumene kuyenera kufika madigiri 55 kapena kuposa kwa masiku angapo. Mukalowetsa ndodo pakati pa mulu n'kuitulutsa ili yotentha, ndiye kuti ntchito ikuyenda. Alangizi a zaulimi angakuthandizeni ndi njira zowoletsera manyowa zotchedwa changu kapena chimato. Ngati ndowe sizinawoletsedwe motero, malamulo a ulimi wosagwiritsa ntchito mankhwala ku United States amafuna kuti padutse masiku 120 kuchokera pothira mpaka pokolola mbewu zimene gawo lake lodyedwa limakhudza dothi, ndi masiku 90 pa mbewu zina, ndipo ndikuona kuti muyezo umenewu ndi woyenera kuutsatira ngakhale kwathu kuno. Mpiru umakhwima msanga kuposa pamenepo, choncho pa mpiru thirani manyowa owola okhaokha. Manyowa a Mbeya, amene amasungidwa m'thumba masiku 21, ndi abwino pa chimanga, koma masiku amenewo musawawerengere ngati chitsimikizo chakuti tizilombo tafa. Chizolowezi chonyika ndowe m'mgolo wa madzi n'kumathirira pamwamba pa masamba ndicho ndikupemphani kuti muchisiyiretu pa kabichi, tomato ndi letesi, chifukwa zimenezi ndi zija zimadyedwa zosaphika pambali pa tchipisi pachiwaya. Tomato amangiriridwe pamitengo kuti asagone pansi, ndipo zokolola zisatsukidwe m'chithaphwi chimene ziweto zimamwamo.

Popha nkhosa, kaya n'pa ukwati, pa Khirisimasi kapena pa Eid, dziwani kuti mnofu wa chiweto chathanzi umakhala wopanda tizilomboti mpaka mpeni utaudetsa. Tizilombo timachokera pachikopa ndi m'matumbo. Chiweto chisadye usiku wonse chisanaphedwe, koma chimwe madzi, kuti chifu chisadzaze n'kuphulika potumbula. Chikolekeni pamtengo m'malo mosendera pansi, ndipo posenda mbali ya ubweya isakhudze mnofu. Mangani ndi chingwe kummero ndi kumapeto kwa thumbo musanatulutse zam'kati, ndipo ngati thumbo laboka, dulani n'kutaya pamene padetsedwapo, chifukwa kuthira madzi kumangofalitsa uvewo pa nyama yonse. Matumbo ndi chifu zikatsukidwire kutali ndi nyama ndiponso kutali ndi chitsime, m'beseni lake, ndipo amene akupota nthumbwana asakhale yemweyo amene akudula tomato wa saladi asanasambe ndi sopo. Ntchito yotsuka matumbo isapatsidwe kwa ana monga timachitira kawirikawiri. Kutentha kwa madigiri 70 m'kati mwa nyama kumapha mabakiteriya onse amene ndatchulawa, ndipo nyama yathu yofutsa mumphika mpaka kufewa imapitirira pamenepo. Vuto limakhala pa kanyenya wootchedwa mofulumira amene kunja wapserera koma m'kati muli kofiira, pa chiwindi chosapsa, pa nyama yogayidwa, ndi pa nyama yakupsa imene yabwezedwa pathebulo kapena m'mbale mmene munali yaiwisi. Mkaka wa mbuzi kapena wa ng'ombe uwiritsidwe nthawi zonse usanamwedwe.

Pali chenjezo lina limene silikhudza kamwazi koma sindingalisiye. Mayi woyembekezera asathandize nkhosa kapena mbuzi pobereka, asakhudze zotuluka pambuyo pa kubereka kapena mwana wa nkhosa wobadwa wakufa, ndipo asachape zovala za amene wagwira ntchitoyo. Mabakiteriya amene amachititsa nkhosa kutaya bere, monga Listeria, Chlamydia abortus ndi amene amayambitsa matenda otchedwa Q fever, akhoza kuchititsanso mayi kupita padera. Zotuluka pobereka zikwiriridwe mozama kuti agalu asafukule, ndipo nkhosa zingapo zikataya bere nthawi imodzi, kauzeni mlangizi wa ziweto wa ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) msanga.

Ngati m'mudzi mwanu muli ana ena amene anatsegula m'mimba mwa magazi m'masabata omwewo, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndiponso amfumu, chifukwa mabanja angapo akadwala pamodzi nthawi zambiri gwero limakhala madzi amene onse amatunga, osati khola la munthu mmodzi. Pemphani kuti mlangizi wa zaumoyo ndi mlangizi wa ziweto akayendere chitsimecho limodzi, aone kumene madzi a mvula amachokera, pamene ziweto zimamwera ndi pamene zimbudzi zili, kuti chitsime chithiridwe klorini, chimangidwe mpanda ndi kukwezedwa m'mphepete mwake mvula isanakule.